A Jean ndi Makaseti Khumi ndi Imodzi

Tsiku la msika ku Khonjeni, mukamadutsa pa kashopu ka a Hamdan kobenera nyimbo, simungalephere kumva gitala wolira mwaukali ndi mawu atatu okoma akuimba pamwamba pake. Anyamata a kabaza amaimika njinga pomwepo n'kumagwedeza mitu. Ena amatulutsa memori khadi m'foni n'kunena kuti, "A Hamdan, tiikireni Masamba Awiri, yonse, musasiyeko." Palinso ena a nsapato zoyera amene amachita kuchokera ku Limbe kudzafuna nyimbo zomwezi. Ine ndikawaona ndimapsa mtima, ndipo sindibisa.

Ndimapsa mtima chifukwa ng'oma zimene akuzigwedezera mituzo ndinkaimba ndine. Dzina langa ndi Douglas, ndimagwira ntchito younika tiyi ku fakitale. Zaka khumi zathunthu gulu lathu la Masamba Awiri linaimba pa esiteti pano, ndipo makolo a anyamata omwewa ankatikuwiza kuti tiimbe rege kapena titsike. Lero ana awo akuti izi ndi nyimbo zosowa, zamtengo wapatali. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene amafunsa kuti anazitolera ndani. Anazitolera ndi a Jean Makwinja, mayi wothyola tiyi, amene lero sangathe kuitana munthu woima tsidya la msewu.

A Jean anabadwira m'malaini a pa esiteti, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene agogo awo anapatsidwa atawoloka Ruo kuchokera ku Mozambiki. Sukulu anasiyira sitandade sikisi, ndipo pasanapite zaka zambiri anabereka dengu n'kulowa m'munda wa tiyi momwe amayi awo ankagwira. Anali wamfupi, wa miyendo yolimba, wosachedwa kuyankha munthu. Chimene aliyense ankawadziwira ndi mawu. Kapitawo akafuna kuitanira anthu ku sikelo sankavutika ndi kukuwa, ankangoti, "Jean, aitane." Iwo ankangodzutsa mutu n'kuitana kamodzi, ndipo ngakhale amene anali kuchigwa kwenikweni ankayamba kukwera.

Amene anawakokera mu zoimba ndi Stafford, makaniko wa mathalakitala. Tsiku lina Stafford anatola katoni ya makaseti kudzala la kunyumba kwa manejala, mwana wa bwanayo atabwerera kwawo kunja. Munali nyimbo za timagulu ta azungu tosadziwika ndi aliyense kuno: zazifupi, zothamanga, gitala waphokoso koma mawu ofewa ngati a kwaya, ndipo zonse zodandaula za chikondi. Mnzangayo zinamulowa m'magazi. Anati ife tiimba zotere koma m'chinenero chathu. Ine anakanditenga ku ng'oma ya kutchalitchi, Stewart wa ku sitolo ya esiteti anampatsa besi, ndipo a Jean anawamva akuitana anthu ku sikelo n'kusiya sipanala pansi. Chaka chisanathe anawakwatira. Ife tinkamuseka kuti wakwatira mawu, mwini wake wangotsatira.

Anthu a ku Limbe aja amandifunsa kuti nyimbo zathu zinali zazifupi chifukwa cha luso lanji. Panalibe luso lililonse. Tinkaphunzira nyimbo nthawi ya nkhomaliro kuseri kwa wekishopu, pakati pa sayirini yoyamba ndi yachiwiri, ndi batire ya thalakitala imene inkayenera kubwerera m'malo mwake kapitawo asanadutse. Nyimbo yaitali ikanatichotsetsa ntchito. Pambuyo pake Stafford anayamba kudzitama nazo, ankati nyimbo ikapitirira mphindi zitatu ndiye kuti woimbayo akunama penapake.

Chimbale sitinatulutsepo. Tinkajambula nyimbo imodzi pachaka, bonasi ya nyengo ya mvula ikatuluka. Ina tinajambulira m'galaja ku Ndirande, ina kuchipinda kwa m'busa wina ku Bangwe titakhala pa bedi, ina m'nyumba yosungiramo matumba ku fakitale konkuno Lamulungu masana. Paliponse ankatipatsa kaseti imodzi, ndipo Stafford ankalembapo dzina la nyimboyo ndi dzanja lake lopendekera. Tinayesapo kupita nazo ku wailesi ina. Mkulu amene tinampeza anamvera theka la nyimbo n'kufunsa ngati ili yauzimu. Tinati ayi. Anafunsa ngati ili rege, kapena ya chikhalidwe. Tinati ayi. Ndiye anati, "Nanga ndiiike pati?" Tinabwerera pa basi ndi nyimbo zathu.

M'nyimbo khumi zoyamba a Jean ankaimba limodzi ndi Stafford ndi Stewart. Stafford ankalimbikira kuti mawu atatuwo amveke ngati a munthu mmodzi, ndipo ankawabwereza mzere umodzi kambirimbiri mpaka zitheke. Kutsogolera okha a Jean ankakana, ankati iwo si a pa siteji. Anavomera mu 2006 basi, Stafford atawapekera nyimbo yawoyawo yotchedwa "Usandidikire pa Sikelo". Imeneyo ndiyo ya nambala leveni. Sabata yotsatira Stewart anakwera basi ya ku Joni, besi n'kupita nayo, gulu n'kuthera pomwepo. Stafford anaika kasetiyo m'sutikesi pamodzi ndi zinzake, nati tiidikirire mpaka tipeze wa besi wina. Sitinaikope, sitinaiimbepo pagulu, ndipo a Jean eni ake anaimvera kawiri kokha.

Stafford anamwalira mu 2009 atadwala miyezi inayi. Tsopano mvetserani chimene chinachitika, chifukwa apa ndi pamene mkwiyo wanga unayambira.

Kwathu kuno mwamuna akamwalira, akuchimuna amabwera pa tsiku la kumeta kudzagawana katundu wake kuti aliyense akhale ndi chikumbutso. Mwambowo ine sinditsutsana nawo. Malaya a malemu avale mphwake, khasu atenge mchemwali wake, palibe cholakwika. Koma tsiku limenelo atatsegula sutikesi anapezamo makaseti khumi ndi imodzi. A Ben, achimwene ake a Stafford aakulu, mwinimbumba wa banjalo, anawandandalika pamkeka ngati mandasi n'kuyamba kuitana mayina. Iyi ya ku Mphuka, iyi ya ku Chimaliro, iyi ya azakhali a ku Thekerani. Yotsiriza anaiika m'thumba la jekete lawo.

A Jean anali atakhala pakona, mutu wometa, atafunda chitenje. Anayankhula ndi mawu awo aja, ndipo bwalo lonse linamva.

"Alamu, m'makasetimo mulinso mawu anga."

A Ben anakweza kaseti imodzi m'mwamba. "Alamu, dzanja lalembapa ndi la ndani?"

Amayi amene anakhala pafupi anawatsina a Jean pantchafu n'kuwanong'oneza kuti namfedwa salimbirana katundu, anthu angadzati anamudya yekha mwamunayo. Ine ndinali pomwepo, pampando wachitatu kuchokera kwa a Ben, munthu amene ng'oma zake zinali m'makaseti onsewo. Ndinayang'ana pansi ngati ndataya singano. Ndinadziuza kuti ndine mlendo pabanjapo, si malo anga. Kunena zoona ndinachita mantha basi.

A Jean anabwerera ku dengu lawo. Analera okha ana awo awiri, onse anamaliza fomu folo. Kuimba anapitiriza kutchalitchi kokha. Kenaka chithokomiro chinayamba kuwakula pakhosi, ndipo mu 2017 anakachitidwa opaleshoni. Chotupacho chinachoka, moyo unapulumuka, koma mawu sanabwerere. Anatsala ndi kunong'ona kosasa, koti uyenera kuweramira pafupi kuti umve. Dokotala anati mwina abwerera pakapita miyezi. Zaka zinadutsa. Atsikana atsopano a m'gulu lawo lothyola akamva kuti mayi ameneyu anali woimba ankaseka poyera, mmodzi mpaka anafunsa ngati ankaimbira nyerere. Ndinamuyankha mtsikanayo mawu amene sindingawalembe pano, ndipo kapitawo anandiitanitsa.

Lamulungu lina mu 2022 a Jean anabwera kwathu titangoweruka kutchalitchi. Anakana mpando, anakhala pakhonde.

"A Douglas, mukukumbukira amene anatenga makaseti aja?"

Ndinati ena ndikuwakumbukira.

"Ndikuwafuna. Sindikufuna kulanda, aliyense ndidzambwezera yake. Ndikungofuna ndidzimve."

Ndinawauza kuti ndili ndi kaseti yakale yokopera ya nyimbo ziwiri, yotha koma yomveka, atha kuimvera pomwepo. Anapukusa mutu.

"M'menemo ndi ife. Malemu anatisakaniza mpaka sindidziwa kuti ine ndi uti. Ndikufuna ija ndinaimba ndekha. Ndayiwala mmene ndinkamvekera, a Douglas. Ndikayesa kukumbukira ndimamva chonchi mmene ndikuyankhuliramu."

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kachiwiri. Ya nambala leveni inali kwa a Ben, ndipo ine a Ben sindinkafuna kuonana nawo. Ndiye ndinapereka nzeru. Ndinati tiyambe ndi ofewa, a Ben akadzamva kuti abale onse apereka adzachita manyazi kukana. A Jean anavomera, koma monyinyirika. Nzeru imeneyo ndimaitukwana mpaka lero.

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ine ndinawaperekeza maulendo atatu okha, otsalawo anayenda okha. Lamulungu lililonse lopanda ntchito ankakwera kabaza mpaka pamene msewu wathera, kenaka wapansi kukwera mapiri a ku Mphuka, mayi wa zaka zoposa makumi asanu, atanyamula shuga pang'ono woti akalowere pakhomo. Pakhomo lililonse ankafotokoza nkhani yomweyo monong'ona, anthu n'kumati, "Mwati bwanji?" A Marita, mchemwali wake wa Stafford, atangomva analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kaseti yokulunga m'mpango, akulira, nati anakhala zaka zonsezi akudikira kuti alamu awo aifunse. Mphwake wina ku Chimaliro anali atatsamiritsa yake pansi pa mwendo wa kabati. Wina anali atajambulirapo ukwati wa mwana wake, moti nyimbo yathu imathamanga mpaka pakati kenaka mumamva wolengeza akuitana akuchikazi kuti abwere ku perekaniperekani. Azakhali a ku Thekerani anakana maulendo awiri, nati zinthu za akufa sizibwerera kumene zachokera. Ulendo wachitatu a Jean anawalimira mizere ya chinangwa tsiku lonse, ndipo madzulo gogoyo anaitulutsa yekha.

Kaseti iliyonse ankapita nayo kwa a Hamdan, amene mwamwayi anali asanataye wailesi yawo yakale ya makaseti. A Hamdan ndi munthu wodekha, wa ndevu zoyera, ndipo nyimbo za magitala si zawo. Koma ntchito amaidziwa. Ankatsegula kaseti ndi kasikuludiraiva, kupukuta nkhungu, kulumikiza poduka ndi selotepi, n'kuilowetsa mu kompyuta. Anafunsa ngati achotse phokoso. A Jean anati asachotse kanthu. N'chifukwa chake mukamamvera lero mumamva tambala wa m'busa wa ku Bangwe, mumamva Stewart akutsokomola, mumamva ine ndikuphonya ng'oma pa nyimbo yachinayi ndipo Stafford akuseka osasiya kuimba. Nyimbo iliyonse ili ndi chipinda chake ndi chaka chake, ina yomveka bwino, ina ngati ikuchokera m'chitini. A Hamdan anayamba kuziimba pa sipika ya pashopu pongoyesa, ndipo anthu anayamba kuima.

Inenso ndivomereze kuti nditazimva zili pamodzi koyamba ndinakhala pansi. Tikuziimba sitinkadziwa kuti zinali zabwino chotere. Chaka ndi chaka tinkangoona kanyimbo kamodzi kolephera. Zitandandalikidwa, unkamva anthu anayi akukula, akuphunzira, akukalamba, osagonja. A Jean ankamvera ataweramitsa mutu, kenaka ankangoti, "Yatsala imodzi."

Zinawatengera miyezi khumi ndi inayi kutolera khumizo. Kwa a Ben tinapita mu Meyi 2023, mapira atayamba kucha. Ulendo umenewo ndinapita nawo, poti ndinalibenso pothawira.

A Ben anatilandira bwino kuposa mmene ndinkaganizira. Anali atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Anatumiza mipando, anafunsa za ana. A Jean atafotokoza, iwo anagwedeza mutu.

"Ndinamva, alamu, ndinamva kuti mukuyenda. Ndimadabwa kuti kuno simufika bwanji. Chinthu cha mphwanga ndingachitaye ine?"

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi Baibulo. Pakati pake panali kaseti, yoyera ngati yatsopano, dzanja la Stafford likuoneka bwinobwino: Usandidikire pa Sikelo. Anaipereka ndi manja awiri, monyadira. A Jean anailandira, anaitembenuza, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Pa kawindo ka pakati pa kaseti pankaoneka kuwala kwa tsidya linalo. Munalibe tepi.

"Alamu, za m'katimu zili kuti?"

"Chingwecho? Aa, chingwe chokha ndi chimene ndachotsa. Mpheta zandivuta chaka chino. Wailesi ya makaseti inafa kalekale, ndiye ndinati chingwechi chingogona bwanji. Koma polemba mphwanga ndasamala, onani, sipanafufutike ndi pang'ono pomwe."

Ndinafunsa kuti anachotsa liti. Anawerenga pa zala nati papita masabata atatu.

Masabata atatu. Kaseti imene inagona m'Baibulo zaka khumi ndi zinayi tinaiphonya ndi masabata atatu, chifukwa cha nzeru za Douglas. Akuti zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo zengerezuyo ndinali ine, koma amene analipira ndi wina.

Munda wa mapira unali kuseri kwa nyumba. Tepi ija anaimanga pa timitengo kuchokera mbali ina kufika mbali ina, kuidutsitsa uku ndi uku, ikunyezimira padzuwa ndi kulira mphepo ikawomba. Kunena zoona mpheta zinalibemo. Anthu ambiri kuno amachita zomwezo ndi makaseti akale, inenso ndinachitapo ndi ya kwaya ina. Koma iyi inali ya a Jean. Ndinawatembenukira a Ben n'kuwauza zonse zimene ndinayenera kunena mu 2009. Ndinawatchula kuti mbuli. Ndinati munasunga chikopa n'kutaya nyama. Iwo anangotsegula pakamwa, osamvetsa kuti alakwa chiyani, n'kunena kuti madzi akatayika saoleka, ndipo kasetiyo inali gawo lawo. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mkuluyo sankanama. Kwa iye chikumbutso chinali dzanja la mphwake. Zoti m'chingwemo munali munthu wamoyo sizinamufike m'mutu tsiku la kumeta, ndipo sizinamufikenso tsiku limeneli.

A Jean anangotidutsa tonse awiri. Anamanga chitenje, analowa m'mapira, n'kuyamba kumasula mfundo imodziimodzi. Sanadule paliponse. Ankakulunga tepiyo pa cholembera changa pang'onopang'ono, ndi zala zomwe zija zothyolera masamba awiri ndi nsonga, osathyola lachitatu. Ine ndinkayenda kutsogolo kugwira kuti isakodwe. M'zala mwawo munkatsala fumbi lofiirira, ndipo tonse tinkadziwa kuti fumbilo ndi nyimbo ija ikuyoyoka pa tepi. Tinamaliza dzuwa litapendeka.

A Hamdan anagwira ntchito imeneyo masiku anayi. Anaiwongola, anailumikiza, anaibwezera m'chikhokhombe chake. Atatiitana anatseka chitseko cha shopu kuti anthu a pamsika asalowe.

"Mayi, ndiyambe ndi kukuuzani zoona. Ya kumunda ija dzuwa ndi mame zinadya. Muli mphepo yokha. Koma m'kasetimo munatsala kachidutswa pa gudumu, kotalika ngati mkono umodzi ndi theka. Mkuluyo podula anasiya koyambirira."

Anadina. Munamveka phokoso la chipinda, kenaka mawu a Stafford, pafupi kwambiri ngati waima pakhomo: "Jean, osaopa. Ukangomva gitala kachitatu, lowa." Ndodo zanga zinagunda kanayi. Gitala analira kamodzi, kawiri, kachitatu. Kenaka munamveka munthu akukoka mpweya, wautali, wodzaza chifuwa, wa munthu amene akudziwa kuti mawu ali nawo. Pomwepo tepi inafika pa selotepi, n'kuyamba mphepo.

Zonsezo ndi masekondi khumi ndi asanu ndi anayi. A Jean anapempha kuti abwereze. A Hamdan anabwereza kasanu. Kachisanu ndi chimodzi anadina okha osapemphedwa, misozi ili m'ndevu. A Jean sanalire. Anafunsidwa ngati kachidutswako kaikidwe pamodzi ndi zinzake kapena katayidwe, ndipo anati kaikidwe, pamapeto, ndi dzina lake lonse.

Basi nyimbo zija zinayamba kuyenda. Kuchokera pa memori khadi kupita pa ina, pa WhatsApp, m'maminibasi a ku Limbe. Mnyamata wina wa kuyunivesite anabwera ndi kabuku kudzandifunsa mafunso, n'kundiuza kuti nambala leveni ndiyo yabwino kuposa zonse, kuti kudukako kuli ndi tanthauzo lakuya, kuti tinachita dala. Ndinamuuza kuti anyamuke ndisanamuthire tiyi wamoto. Anthu amakonda zotsalira za moyo wa anzawo akazipeza zitatsukidwa kale. Amaimvera nambala leveni n'kumva kukoma, pamene mwini mpweyawo m'mawa uliwonse amabereka dengu n'kukodola anzake ndi dzanja chifukwa sangawaitane.

Makaseti onse a Jean anabweza monga analonjezera, aliyense yake, kuphatikizapo ya a Ben.

Mwezi wa Okutobala a Ben anaganiza zomanga chiliza cha Stafford, patatha zaka khumi ndi zinayi manda ali dothi. Sindikunena kuti anachita chifukwa dzina la mphwawo linayamba kumveka m'maminibasi, koma sindikunenanso kuti ayi. Anatumiza uthenga kwa a Hamdan pamodzi ndi memori khadi, kuti awaikire nyimbo zonse za malemu zoti zikaimbidwe pa mwambowo. A Hamdan anati sangaike popanda chilolezo cha mayi amene anazibweretsa. A Jean anapita kushopu ataweruka, anaweramira kukhutu kwa a Hamdan, n'kuwauza zoti aike.

Tsikulo anthu anadzadza. Anabwereka masipika awiri aakulu ndi jenereta. Abusa atapemphera, nsalu itachotsedwa pa chiliza, a Ben anaimirira n'kulengeza kuti tsopano timva ntchito za manja a mwana wathu, zimene banja lino linasunga mosamala. Anakodola mnyamata wa masipika kuti ayambe.

Mawu a Stafford anatuluka m'masipika n'kumveka manda onse. "Jean, osaopa." Amayi ena anagwira pakamwa. Ndodo kanayi, gitala katatu, mpweya uja, kenaka mphepo. Pa khadipo panalibenso china, choncho makina anabwerera poyamba okha. "Jean, osaopa." Kachitatu anthu anayamba kuyang'anana. Kachinayi a Ben anafunsa mokweza ngati khadiyo yafa.

A Jean anaimirira pakati pa amayi, anayenda mpaka kutsogolo, n'kutenga maikolofoni m'manja mwa a Ben. Wa masipika uja anazimitsa. Kunong'ona kwawo kosasa kunamveka m'masipika, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zisanu ndi chimodzi panalibe amene anati mwati bwanji.

"Khadi siinafe. Gawo la alamu ndi lomweli. Lotsalalo linathera m'mapira mwawo. Amene akufuna nyimbo zinazo apite kwa eni magawo, ine ndinabweza zonse."

Anabweza maikolofoni, anagwada pang'ono kwa abusa, n'kutuluka m'mandamo osadikira chakudya. A Marita anawatsatira mpaka pamsewu n'kubwerera. A Ben anatsala chiimire. Sindikudziwa ngati anamvetsa tsiku limenelo, ndipo sindinabwerere kukafunsa.

Ndinawapeza a Jean panjira yotsikira kumene a kabaza amaima. Ine mtima unali utakhala pansi, ndinkaona ngati tapambana. Ndinayamba kuwayamikira, kuti mwawakhaulitsa, sadzaiwala. Tinayenda m'mbali mwa munda wa tiyi kanthawi ndithu, kenaka anaima n'kundikoka malaya kuti ndiwerame.

"A Douglas, tsiku lojambula lija inu munali kumbuyo kwanga. Stewart sakudziwika kumene ali, malemu ndi awo tawasiya. Mwatsala ndinu. Ndinkamveka bwanji?"

Ndinati, "Munaimba bwino kwambiri, a Jean."

"Zimenezo ndikudziwa. Ndikufunsa kuti ndinkamveka bwanji."

Ndinatseka maso n'kuyesa. Ndinaona chipinda chija, ndinaona msana wawo ndi duku lobiriwira, ndinamva gitala kachitatu. Tsiku limenelo ine ndinali kuwerenga ng'oma zanga poopa kuphonya. Ndinafufuza m'mutu monse mawu amene ankatsitsa anthu ndi kuwakweza m'zigwa za esiteti ino, ndipo chimene chinabwera m'makutu mwanga ndi kunong'ona komwe kuja ndinali nditangokumva. Ndinatsegula maso. A Jean anali akundiyang'anabe, akudikira.

"Nanunso mwayiwala," anatero.

Sindinakane. Anasiya malaya anga, anakonza chitenje, n'kupitiriza kutsika. Wa kabaza anali chapatali atatembenukira kwina, ndipo a Jean anayamba kumukodola ndi dzanja mpaka ine ndinamuitana.